Kupweteka pansi pa chala chachikulu chakuphazi: yankho kwa achemwali a netibolo

Imelo iyi inandipeza Lachitatu usiku sabata yatha. Ndaifupikitsa pang'ono ndipo dzina ndachotsa monga munapempha.

"Moni achemwali. Ndili ndi zaka 31, ndimagwira ntchito mu ofesi koma Loweruka lililonse ndimasewera netibolo ya sosho, ndimakhala senta. Mu Januwale ndinayamba kudumpha chingwe m'mawa uliwonse pakhonde kuti ndichepetseko thupi. Pano patha miyezi iwiri phazi lakumanja likupweteka pansi penipeni pomwe chala chachikulu chimayambira, zimangokhala ngati ndaponda kamwala. Sindinagwe, sindinapunthwe. Kuchipatala anandijambula ekisileyi nkunena kuti ndi sesamoiditis, anatinso kafupa kena kakuoneka kogawanika pawiri koma sanafotokoze zambiri, anangondipatsa bufeni kuti ndikapume. Amuna anga akuti ndi gauti ndisiye nyama. Tili ndi tonamenti pakatha masabata atatu, kenako mwezi wamawa kuli ukwati wa mng'ono wanga ndipo operekeza tonse tinagwirizana zovala gogoda. Nditani? Jakisoni angathandize msanga?"

Achemwali, zikomo pondilembera, komanso pepani ndi phazilo. Ndiyambe ndi zomwe simukufuna kumva kuti tithane nazo: tonamenti imeneyo muiiwale. Mupite mukakhale pabenchi, muziimba, muzigawa madzi, koma bibu ya senta apatseni ena. Ndikudziwa kuti mukuwerenga apa mukuti aaa achemwali awa nawonso, koma ine vuto limeneli ndinalidwalapo ndekha komanso ndaona anthu ambiri nalo pantchito yanga ya fiziyo, ndipo amene amavutika nalo chaka chathunthu nthawi zambiri ndi omwe aja anati "ndingosewerako gemu imodzi yokha basi". Nkhani yabwino ndi yoti ambiri amachira popanda opaleshoni, popandanso jakisoni. Kungoti kuchira kwake sikuli m'botolo la mapilisi, kuli pochotsa katundu pamalo akupwetekawo kwa nthawi yokwanira, ndipo nthawi yokwanirayo ndi yaitali kuposa momwe mtima wanu ukufunira.

Ndikufotokozereni kaye chomwe chili pansi pa phazi lanupo, chifukwa mukachimvetsa zina zonsezi muziziganiza nokha. Kusukulu tinaphunzira kuti phazi lili ndi mafupa 26. Pa chiwerengero chimenecho sawerengerapo tifupa tiwiri ting'onoting'ono tomwe tili pansi pa mfundo yaikulu ija yomwe chala chachikulu chimalumikizana ndi phazi. Kukula kwake kalikonse ngati njere ya chimanga kapena nsawawa. Dzina loti sesamoid linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chitowe, eya chitowe chomwechi timathira pa mabanzi, akalekalewo anaona kuti tifupato tikufanana ndi njere zake. Ndiye sesamoiditis ndi kungonena kuti "tachitowe tija tatupa". Mukamva choncho dzinalo silikuopsanso kwambiri eti? Tifupa timeneti sitilumikizana ndi mafupa ena ngati momwe mafupa ambiri amachitira, tinamera mkati mwa mtsempha wa mnofu womwe umapinditsa chala chachikulu pansi. Fupa lozungulira lija la kutsogolo kwa bondo ndi la mtundu womwewu, kungoti ilo ndi lalikulu kuposa onse.

Ntchito yake ndi iwiri. Choyamba timathandiza kuti mtsempha uja uzikoka chala mwamphamvu, ngati kagudumu ka pachitsime komwe chingwe cha ndowa chimadutsapo. Chachiwiri timasenza thupi lanu nthawi iliyonse yomwe chidendene chanyamuka ndipo mwatsala pang'ono kudzikankha kupita kutsogolo. Pa nthawi imeneyo chala chachikulu chimapindikira m'mwamba, mtsempha umakokeka, tifupa tija timapanikizika pakati pa fupa lalikulu ndi nthaka. Poyenda wamba zilibe kanthu, tinapangidwira zomwezo. Koma pothamanga mphamvu yomwe phazi limamenya nayo pansi imafika kawiri kapena katatu kulemera kwa thupi lanu. Ndipo mwa tiwiriti, kamene kali mbali yamkati, yoyang'anizana ndi phazi linalo, ndi kamene kamasenza kwambiri ndipo ndi kamene kamakonda kuvulala.

Tsopano taganizirani ntchemberembaye. Bwalo ndi lotalika mamita 30.5, nthawi zambiri la konkire, senta amaloledwa kuthamanga magawo onse atatu kupatula m'maseko ogoletsera, makota anayi a mphindi 15. Malamulo akuti ukalandira mpira phazi lomwe wafikira nalo usalikoke, ndiye umaima mwadzidzidzi ngati galimoto yomanga buleki, kenako umazungulira pa phazi lomwelo kufuna wompatsa mpira masekondi atatu asanakwane. Kuzungulira kumeneko umazungulira pati? Pamwamba penipeni pa tachitowe tija. Komabe ine sindikuloza chala netibolo, chifukwa mwakhala mukusewera kwa zaka phazi lili bwinobwino. Wolakwa ndikumuona ine ndi chingwe chija cha Januwale. Kudumpha chingwe ndi kutera pa zala kambirimbiri chidendene osakhudza pansi, pa simenti ya pakhonde, tsiku ndi tsiku popanda lopuma, ndipo ndikhoza kubetcha kuti munkadumpha opanda nsapato kapena ndi timasiketa topyapyala. Fupa ndi mtsempha zimazolowera ntchito yatsopano koma zimazolowera mochedwa, mapapo ndi mtima zimayamba kuzolowera ndiye munthu umadzimva kuti ndili fiti, kumawonjezera, pomwe kuphazi kuno zinthu zikung'ambika pang'onopang'ono. Ine zinandichitikira chimodzimodzi, chaka china ndinaganiza zoyamba kuthamanga mitunda ndi nsapato yokongola koma soli yake ngati pepala, mwezi umodzi wokha ndinayamba kuyenda mopendekeka ngati nkhuku yothyoka mwendo, ndipo chochititsa manyazi nchoti ndimadziwa bwinobwino chomwe chikuchitika koma ndinapitiriza masabata ena awiri. Adokotala sadzichiza kkkk. Ena amene amavutika nalo kwambiri ndi ovina bale aja amaima pa zala, osewera basiketibolo, okonda gogoda, komanso anthu omwe phazi lawo ndi lokumbika kwambiri pakati moti akaponda panyowa chidindo chake chimangooneka chidendene ndi kutsogolo. Yesani kuponda pa simenti youma phazi lili lonyowa muone lanu.

Za gauti, bambo akunyumbawo sanalakwitse kwenikweni poganiza choncho chifukwa gauti imakondadi mfundo yomweyi. Koma kabweredwe kake nkosiyana. Gauti imabwera ngati mbava, munthu wagona bwinobwino, pakati pausiku wadzidzimuka mfundo yonse yatupa, yafiira kapena kuda, ikutentha, ikunyezimira, ngakhale shiti kungokhudza amalira. Imatha masiku angapo kapena sabata ndi kuposerapo, kenako imazimiririka mpaka ulendo wina. Imagwira kwambiri abambo, kwa amayi imakonda kubwera akasiya kusamba, ndiye pa zaka 31 si yoyamba kuiganizira. Zanuzi zabwera mwakachetechete, zikupweteka pansi pa malo amodzi oti mutha kuwaloza ndi chala chimodzi, zimakula mukaponda ndipo zimachepa mukakhala pansi. Ngati akukakamirabe, kuyezetsa magazi kuona uric acid, asidi amene akachuluka amayambitsa gauti, si kodula kwambiri, ngakhale nako pakokha sikutsimikiza zonse. Nyamayo idyani, auzeni kuti ndanena ine.

Pali zinanso zofanana nazo. Ina amaitcha turf toe, dzinalo linachokera ku America m'zaka za m'ma 1970 kwa osewera mpira wakwawo uja pa mabwalo a kapinga wa pulasitiki, koma imeneyo ndi kubinya kwa tsiku limodzi, chala chimapindikira m'mwamba mopitirira ndipo munthu amakumbukira mphindi yeniyeni yomwe zinachitika. Inu mwati simunagwe. Njerewere ya pansi pa phazi kapena khungu lolimba lokhakhala nazonso zimamveka ngati kamwala, ngakhalenso thekenya ngati munapitako kumudzi, ndiye tembenuzani phazi muliyang'ane pakuwala. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga nawo: ngati muli ndi shuga, kapena phazi latupa likutentha thupi lonse likutenthanso, pali bala, pakutuluka mafinya, kapena zala zachita dzanzi, musiye kuwerenga za ine mupite kuchipatala lero lomwe.

Nkhani ya kafupa kogawanika pawiri ndi yomwe ndikufuna muitsatire musanachite china chilichonse. Pali anthu ambiri ndithu omwe anabadwa choncho, kafupako pokula sikanagwirane kukhala kamodzi, kanatsala zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi kamnofu kolimba, ndipo amakhala moyo wawo wonse osadziwa. Nthawi zambiri kamakhala ka mbali yamkati kaja, ndipo kwa ena zimakhala choncho kumapazi onse awiri. Koma kafupa kosweka nako pa ekisileyi kamaoneka kogawanika. Kusiyana kwake nkoti kobadwa nako m'mphepete mwa zidutswazo mumakhala mosalala mozungulira, pomwe kosweka mumakhala mwa manomano ndipo zidutswazo zimaoneka kuti mutaziphatikiza zingagwirane. Ndipo kusweka sikulira kugwa ayi, fupa limatha kuchita mng'alu chifukwa chomenyedwa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ngati waya yemwe ukumupindapinda. Ndiye bwererani, mukapemphe kuonana ndi a za mafupa, m'zipatala za maboma muli ma clinical officer ophunzira za mafupa ndipo ambiri ndi akatswiri zedi, ku Lilongwe kulinso chipatala cha mafupa cha LION ku Kamuzu Central. Mukafunse mwaulemu zinthu ziwiri: ajambulenso phazi linalo kuti afananize, komanso ajambule chala chitapindidwira m'mwamba kuti tifupato tioneke patokha popanda kubisika kuseri kwa fupa lalikulu. Mng'alu waung'ono nthawi zina suoneka pa ekisileyi, umaoneka pa makina ena ojambulira mkati mwa thupi otchedwa MRI, yomwe imaonetsanso ngati kafupako katupa mkati kapena ngati magazi asiya kufikako. MRI kwathu kuno ndi yosowa komanso yodula, sindingakuuzeni kuti muthamangire imeneyo pano, koma ngati patatha miyezi itatu mukuchita zonse bwinobwino popanda kusintha, pamenepo ndalama yake ndi yoyenera. Ndikulimbikira izi chifukwa ngati ndi kusweka, chithandizo chake chimakhwimirapo, ndipo jakisoni mukufunsayo sayenera nkomwe.

Tiyerekeze kuti akutsimikizirani kuti palibe chosweka. Mawu oti "mukapume" ndi omwe amasokoneza anthu, chifukwa wina amamva kuti agone pabedi, wina amamva kuti asiye netibolo yokha. Zonse ziwiri nzolakwika. Chomwe chikufunika kupuma ndi chala chachikulu, chisapindikire m'mwamba chitasenza thupi. Ndiye yendani m'maganizo tsiku lanu lonse muone pomwe chimapindika choncho. Kukolopa mogwada zala zitapindika kumbuyo. Kunjuta pochapa kapena pokupiza mbaula chidendene chili m'mwamba. Kugwada kutchalitchi, kugwada popereka madzi kwa apongozi. Kunyang'ama potenga poto pashelefu yapamwamba. Kukwera masitepe a ku ofesi ndi zala zokha. Kuyenda opanda nsapato pa matailosi m'mawa. Zimenezi palibe amaziwerengera ngati masewera koma kwa kafupa kotupa nzofanana ndi kukanda chilonda tsiku lililonse. Gulani mopu ya mtengo, pochapa khalani pa kampando, pogwada gonekani phazi kuti msana wa phazi ndiwo ukhudze pansi zala zitaloza kumbuyo, pa masitepe pondani ndi phazi lonse. Apongozi amvetsa, akapanda kumvetsa aonetseni ekisileyi.

Nsapato ndiye theka la mankhwala. Anthu ambiri phazi likamapweteka amathamangira nsapato yofewa yopindika, ma pampu aja opyapyala kapena patapata, kuganiza kuti akulichitira chifundo. Ayi ndithu. Mukufuna nsapato yomwe soli yake ndi yochindikala komanso youma, yoti mukaigwira kuchidendene ndi kutsogolo nkuyesa kuipinda ikukanireni. Ikapindika ngati chapati isiyeni pomwepo. Yabwino koposa ndi ija kutsogolo kwake kunapindikira m'mwamba pang'ono ngati bwato, chifukwa poyenda nsapatoyo ndi imene imagudubuzika m'malo moti chala chipindike. Kutsogolo ikhale yotakasuka, chidendene chikhale chafulati kapena chokwera pang'ono chabe. Simukufunika kupita kushopu yodula, pa kaunjika nsapato zokwerera mapiri ndi zothamangira za soli yaikulu zimapezeka, ingoyang'anani kuti soliyo sinadyeke mbali imodzi. Kunja amagulitsa kachinthu kopyapyala koma kolimba ka carbon kolowetsa pansi pa insolo kuti nsapato isapindike, ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK mutha kumutuma, koma osoka nsapato aluso amathanso kukuumitsirani soli mukawafotokozera chomwe mukufuna. Ndipo m'nyumba namo muzivala. Ndikudziwa kuti kwathu kulowa ndi nsapato pabalaza ndi mlandu, pezani imodzi yoyera ikhale ya m'nyumba basi.

Kenako pali kapadi komwe azungu amati dancer's pad, poti ovina ndi omwe amakagwiritsa ntchito kwambiri. Apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri. Maganizo oyamba a munthu aliyense ndi kuika thonje kapena siponji pamalo pomwe pakupweteka. Mukatero mwawonjezera chotupa pansi pa chotupa, ululu umakula. Chofunika ndi kukweza malo ozungulira kuti popwetekapo palendewere m'dzenje, ngati momwe nkhata imachitira pamutu posenza ndowa. Kapangidwe kake nkosavuta. Pezani felt (nsalu yokhuthala yolimba) wochindikala mamilimita 5 kapena 6, kapena insolo yakale yolimbako, siponji yofewa ya matiresi siithandiza chifukwa imaphwa tsiku limodzi. Tengani lipisitiki, pakani kadontho pamalo penipeni pomwe pamapweteka mukadina, valani nsapato mosamala opanda sokosi, imirirani, vulani. Kadontho kaja katsala pa insolo ya nsapato. Tsopano dulani felt uja kuti akwane kutsogolo kwa phazi, pansi pa mizu ya zala zinayi zinazo ndi kumbuyo pang'ono kwa mfundo ya chala chachikulu, koma pomwe pali kadonthopo mudulepo kuchotsa ngati chilembo U chotsekukira mbali ya chala chachikulu. M'mphepete monse mupale ndi lezala kuti mutsetsereke musakhale ngati sitepe. Matani ndi pulasitala kaye osati guluu, yendani nako tsiku limodzi, mukamva kuti m'mphepete mwa dzenjelo mukudina popwetekapo kasuntheni pang'ono, mamilimita awiri okha amasintha zonse. Mukapeza malo ake mudziwa nokha, mumangomva kuti kamwala kaja kachoka. Pamenepo ndiye matani ndi guluu. Mukatha kufika kuzipatala zazikulu komwe amapanga miyendo yoikirira, amisiri ake amapanganso ma insolo oyeza phazi lako, koma yambani ndi ka pakhomoka, kwa anthu ambiri kamakwanira.

Kumanga chala ndi pulasitala kumathandizanso makamaka masiku omwe muyende kwambiri. Mufune pulasitala wosatamuka uja wa zinc oxide, m'mafamase amapezeka. Zungulizani kamodzi pa chala chachikulu, kamodzinso pakati pa phazi, osathinitsa. Kenako chala chili chowongoka kapena choweramira pansi pang'ono, matani timizere titatu kapena tinayi kunsi kwa phazi kuchokera pa chala kukafika pa lamba wa pakati uja, nkutsekanso mbali zonse ziwiri. Mukayesa kukweza chala muzimva kuti chikukanika. Chala chikachita dzanzi kapena kusintha mtundu, mwathinitsa, masulani. Usiku muzichotsa khungu lipume.

Za ayezi ndi mapilisi sindichedwapo. Ayezi wokulunga pa kansalu, mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku makamaka madzulo, olo ma freezes a ana aja amagwira ntchito magetsi akalola. Bufeni amachepetsa ululu ndi kutupa, imwani mutadya ndipo kwa masiku ochepa monga anakuuzirani, osati miyezi. Osaphatikiza bufeni ndi diclofenac kapena indosidi, onsewo ndi banja limodzi ndipo pamodzi amakwapula m'mimba ndi impso. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, BP yovuta kapena ndi oyembekezera afunse kaye, Panado kapena mankhwala opaka ndi abwinoko. Choopsa chenicheni cha mapilisiwa kwa munthu ngati inu nchoti amabisa ululu, mumamwa awiri Loweruka m'mawa, gemu yonse bwinobwino, Lamlungu osatha kuponda. Kuthina ndi madzi otentha komwe amayi athu amakhulupirira kumamveka bwino koma sikuchotsa katundu pafupa, ndipo chonde musalole wina azidinadina mwamphamvu pamalopo ati akuwongola mtsempha. Mphini pansi pa phazi ndiye ayi, mungowonjezera bala pamalo oponda.

Mukachita zonsezi mokhulupirika masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi koma mukutsimphinabe poyenda wamba, sitepe yotsatira ndi kulitsekera phazi, mu buti ija yapulasitiki yomanga ndi malamba kapena m'chikhakha, nthawi zina ndi ndodo zomwe, kwa masabata angapo. Ngati ndi mng'alu amayambira pomwepa ndipo zimatenga masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kuposa. Chomwe chimachedwetsa nchoti tifupa timeneti magazi amafikako ochepa, ndiye chakudya chomangira chimafika mwa apo ndi apo. Muyembekezere kuti nkhani yonseyi itha kukutengerani miyezi itatu, kwa ena mpaka isanu ndi umodzi. Kuchira kwake sikuyenda mzere umodzi, sabata ino bwino, sabata yamawa mwaima nthawi yaitali pamaliro zabwereranso, musataye mtima, muziyerekeza mwezi ndi mwezi osati tsiku ndi tsiku.

Jakisoni yemwe mukunenayo ndi wa steroid, amabaya pamfundopo kuti kutupa kutsike. Amagwiradi ntchito kwa ena, ndipo ali ndi malo ake, makamaka kwa munthu amene wayesa zonse zija, atsimikiza kuti fupa ndi lathunthu, koma kutupa kukukanirira. Koma kubayitsa ndi cholinga choti mukasewere tonamenti, ine ndikukana. Ululu uzimiririka, inu mukadumpha makota anayi pa fupa lomwe likadali lodwala, mankhwala akadzatha mudzapeza zaipiratu. Komanso steroid akabwerezedwabwerezedwa amafooketsa mitsempha ndipo amatha kusungunula kamafuta ka pansi pa phazi komwe ndi khushoni yanu yachilengedwe, ndipo kameneko kakapita sikabwerera. Opaleshoni ndiye ya kumapeto kwenikweni, madokotala ambiri saiganizira pasanathe miyezi isanu ndi umodzi ya chithandizo china. Amachotsa kafupa kamodzi kapena chidutswa chake. Anthu ambiri amapeza bwino, koma tifupa tiwirito timakokerana kuti chala chikhale chowongoka, ndiye ukachotsa ka mkati chala chimatha kuyamba kupendekera kwa zinzake, ukachotsa ka kunja chimatha kuthawira mbali inayo, nchifukwa chake sachotsa tonse tiwiri mwachisawawa. Inu muli kutali kwambiri ndi zimenezo.

Ndikudziwa chomwe chikukudetsani nkhawa china ngakhale simunachilembe, thupi lija munayamba kuchepetsa. Simukuyenera kungokhala. Njinga ndi yabwino bola pedulo muziponda ndi pakati pa phazi kapena chakuchidendene osati ndi zala. Kusambira ngati muli ndi kosambira, kungosamala podzikankha kukhoma. Zolimbitsa mimba, msana, matako ndi manja mutagona kapena mutakhala, zonsezo chitani, ma plank ndi ma push-up okha muzichita mutagwada chifukwa amapinda chala moipa. Kuponya ndi kuwakha mpira mutaima malo amodzi palibe choletsa. Chimodzi chomwe ndimauza aliyense ndi kuwongola akatumba, chifukwa akatumba akakhala omangika chidendene chimanyamuka msanga poyenda ndipo katundu yense amathamangira kutsogolo kwa phazi, ndipo ovala gogoda ku ofesi akatumba awo amakhala omangika pafupifupi onse. Khalani pansi mwendo utawongoka, kolekani chitenje kapena thaulo pakati pa phazi osati pa zala, kokani mpaka mumve kukokeka kuseri kwa mwendo, gwirani masekondi 30, katatu, m'mawa ndi madzulo.

Pobwerera pabwalo musayang'ane kalendala, muzifunsa phazi. Choyamba muyende masabata awiri athunthu osamva kanthu, mukadina ndi chala pamalopo pasapweteke. Kenako yesani kuima pa zala mapazi onse awiri, zikatheka kwa masiku angapo yesani phazi limodzi, kenako kudumphadumpha pang'ono pa kapinga. Zikayenda yambani kuthamanga pang'onopang'ono mosinthana ndi kuyenda, tsiku lina kupuma, ndipo kuima mwadzidzidzi ndi kuzungulira kuja zibwere kumapeto. Woweruza wake ndi m'mawa wotsatira, mukadzuka nkuponda pansi nkumva kamwala kaja, dzulo munapyola muyeso, bwererani sitepe imodzi. Gemu yoyamba sewerani kota imodzi, ndipo ngati kochi angalole yambirani malo osathamanga kwambiri ngati kumbuyo kapena kogoletsa musanabwerere pa senta. Kapadi kaja kakhalebe mu nsapato ya netibolo sizoni yonse. Chingwe chija mukadzachifunanso, pa kapinga kapena pa mphasa yochindikala, mutavala nsapato, masiku awiri kapena atatu pa sabata.

Tsopano ukwati. Gogoda amatenga thupi lonse nkuliunjika kutsogolo kwa phazi chala chitapindika kale, ndiye ndi chimodzimodzi kuima pa zala tsiku lonse, kuyambira kutchalitchi, kojambulitsa, mpaka perekaniperekani, osawerengera mapulakatisi a masitepe omwe operekeza mumachita madzulo aliwonse mwezi wathunthu. Mapulakatisiwo pitani ndi nsapato yanu youma ija, ndipo wophunzitsa masitepe mumuuze kuti zodumpha ndi zozungulira pa phazi lakumanja akuchotsereni. Pa tsikulo, ngati diresi ndi lalitali, muuzeni telala asalifupikitse kwambiri, pansi pake muvale nsapato yafulati ya soli yochindikala ya mtundu womwewo, palibe adzaone. Ngati ndi lalifupi ndipo mng'ono wanuyo walimbikira, pezani ya pulatifomu yomwe kutsogolo nako nkokwera kuti kutsetsereka kuchepe, muike kapadi mkati, mumange chala, muivale polowa muholo ndi pojambulitsa basi, yafulati ikhale m'chikwama cha munthu amene wakhala pafupi ndi khomo. Mukabwerako kwa a za mafupa mundilembere zomwe anena za ekisileyi ya phazi lakumanzere, ndipo mujambule pansi pa nsapato yomwe mumasewerera netibolo munditumizire, ndikufuna ndione mbali yomwe inadyeka.